Mchere wa ku Lirangwe

M'khitchini mwa Lois, kuseri kwa msika wa pa Chileka, munali zonse zimene mkazi wapabanja amakhala nazo, kupatula mchere. Kachitini ka mchere kanali pamalo pake pashelefu, koma mukakatsegula munkapeza adyo. Soda wa therere anapatsa mnansi, timakyubu tokometsera ndiwo anatitaya kudzala, ndipo bakayawo, nsomba yamchere ija ankaikonda mwamuna wake, anasiya ngakhale kuifunsa mtengo. Iye mwini sankadwala kanthu. Anangoona kuti n'kupanda umunthu kuti wina azinyambita zala pamene mnzake, patebulo lomwelo, akumeza chakudya ngati mankhwala.

Wodwala anali mwamuna wakeyo, Thomson Makwinja. Thomson anagwira ntchito zaka zambiri pabwalo la ndege, poyezera katundu wa apaulendo, ndipo anali ndi mawu amene anzake ankamudziwa nawo. Munthu akayamba kulumbira kuti m'chikwama mwake muli zovala zokha, iye ankaloza sikelo n'kunena kuti, "Sikelo ilibe m'bale, bwana." Koma thupi lake sankaliyeza. Bipi anamupeza nayo kalekale, mapiritsi ankamwa mutu ukawawa basi, ndipo matendawo anadya impso zake mwakachetechete ngati chiswe m'phaso. Ankadzidzimuka n'kuti mapazi akukana nsapato, nkhope itatupa, mkodzo ukungodontha. Madokotala a kuchipatala chachikulu m'tauni anamuuza kuti impso zonse ziwiri zaleka ntchito, ndipo moyo wake uzidalira makina otsuka magazi, Lachiwiri ndi Lachisanu, kwa masiku onse otsala.

Anesi a Fatima, amene ankayang'anira chipinda cha makinawo, sankadziwa kuzungulira nkhani. Tsiku loyamba lomwe anakhazika pansi Thomson ndi mkazi wake.

"Mchere ndi madzi sasiyana," anatero. "Mukadya mchere, ludzu likugwirani. Mukamwa madzi, alibe potulukira, chifukwa impso zinatseka. Ndiye amangokhala m'thupimo, bipi n'kukwera, mtima n'kumavutika ngati munthu wokapa madzi m'nyumba yodontha. Makinawa amachotsa, inde, koma ali ndi polekezera. Madzi otsalawo amapita kumapapo, apo ayi mtsempha umaphulika m'mutu. Mwamva, bambo?"

Thomson anati wamva. Thomson ankamva nthawi zonse, ndipo limenelo ndilo linali vuto lake. Chibadwire sanakanepo munthu pamaso. Ukamuuza kuti kumwamba n'kwakuda ankavomera, wina akabwera n'kuti n'koyera ankavomeranso, ndipo aliyense ankachoka pamaso pake akuyesa kuti ali naye kumbali yake. Anthu ankamutama kuti ndi munthu wamtendere. Kunena mosapsatira, mtendere wotere ndi mantha ovala jekete.

Lois ndiye anamva ndi makutu onse awiri. Anaphunzira kukometsa ndiwo ndi ndimu, adyo, anyezi ndi jinja. Madzi a tsiku lonse ankawayezera m'botolo limodzi, ndipo ludzu likavuta ankamupatsa kachidutswa ka ndimu kapena ka ayisi kuti azimung'unya. Mapiritsi a bipi ankamuikira m'manja iye mwini, n'kudikira mpaka ameze. Patapita miyezi ingapo mapazi anabwerera m'nsapato, mutu unasiya kuwawa, ndipo anesi ankauza odwala atsopano kuti akafunse kwa mayi Makwinja kaphikidwe kake. Mphamvu zitabwerera, Thomson anatsegula benchi yogulitsira zida za njinga pa Lirangwe, kwawo kumene anabadwira, pakuti ku Chileka anali mkamwini. Masiku opanda makina ankakwera minibasi m'mawa, atanyamula botolo lake la madzi ndi kontena ya chakudya chophika Lois.

Ku Lirangwe kunali a Tione, mlongo wake wamkulu. Mayi awo atamwalira, a Tione ndiwo anamulera Thomson, kumubereka kumsana, kugulitsa zitumbuwa pamsewu kuti iye aphunzire. Ankamukonda ndi chikondi chija chokalipa, chosafunsa maganizo a wokondedwayo. Thomson atangotuluka m'chipatala, a Tione anapita ku Chileka kukamuzonda. Analawa ndiwo, n'kusiya kutafuna. Anadzuka okha kukafuna mchere kukhitchini, ndipo m'kachitini muja anapezamo adyo. Lois anafotokoza za malamulo a kuchipatala, iwo n'kungoti "Oo," koma maso awo anakhalitsa pa manja a mlamu wawoyo.

Kwathu kuno mchere si chokometsera ndiwo chabe. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere, amaitana wina kuti amuthirire. Ndipo akuluakulu amati mkazi akayenda njira zam'mbali n'kubwera kudzathira mchere mumphika, wamudula mwamuna wake: amatupa miyendo ndi masaya, amatsokomola, amabanika. Matenda amenewo amawatcha tsempho. A Tione anaona mchimwene wawo amene anatupa miyendo ndi masaya, anaonanso mkazi amene wathamangitsa mchere m'nyumba yonse, ngakhale m'mbale yake yomwe. Kwa iwo nkhani inali itatha, panalibenso chofunsa dokotala.

Anaisunga mumtima mpaka nthawi yokolola. Tsiku lina masana anafika pabenchi paja ndi basiketi, n'kuivundukula pamaso pa Thomson. Munali bakayawo wokazinga ndi tomato, ndi therere lothira soda, lonanda bwino.

"Achimwene, ine ndinakuberekani kumsanaku, sindingakunamizeni," anatero chapansipansi. "Matenda anuwa ndi tsempho. Mkazi woopa mchere chilipo chimene akudziwa. Anakudulani kale, ndiye pano dzanja likunjenjemera, wangobisala kumbuyo kwa madokotala."

Thomson ankadziwa kuti limeneli ndi bodza. Ankadziwa kumene Lois ankathera masiku ake: pabenchi yolimba ya kuchipatala, kudikira kuti makina amalize. Mawu a anesi a Fatima anali chikhalire m'makutu mwake. Chiganizo chimodzi chikanakwanira. Koma fungo la bakayawo linali litamulowa kale m'mphuno, malovu atadzaza m'kamwa, ndipo kutsogolo kwake kunali maso a munthu amene anamulera. Anakanda m'mutu, n'kuyang'ana kumsewu.

"Kaya, achemwali," anatero. "Za m'nyumba n'zovuta."

"Kaya" ameneyo anali woipa kuposa bodza. A Tione anamumva ngati "inde," ndipo sabata isanathe anabwera ndi mankhwala ochokera kwa sing'anga wina wa cha ku Mdeka. Unali ufa wa mizu wosakaniza ndi mchere wamibulu, woti azinyambita ndi kuwaza m'ndiwo, komanso botolo la madzi a mizu yowiritsa loti lizitha dzuwa lisanalowe. Thomson analandira ndi manja awiri. M'mutu mwake anaziwerengera mochenjera: zachipatala azitsatira ku Chileka, zachikuda azitsatira ku Lirangwe, chimene chigwire chigwire, ndipo palibe amene akwiye. Nanga makina aja ntchito yake n'chiyani ngati si kutsuka? Chakudya cha Lois ankapatsa akabaza oima pafupi ndi benchi yake, n'kubwerera kunyumba ndi kontena yopanda kanthu. Lois akaitsegula ankasangalala kuti bambo ayamba kudya bwino.

Koma kuchipinda cha makina munthu sayamba wagona pabedi, amayamba waima pasikelo, kuti aone madzi amene wasonkhanitsa chichokereni ulendo watha. Thomson, yemwe uja wa "sikelo ilibe m'bale," anayamba kuchita zimene ankaseka nazo apaulendo. Ankavula jekete, nsapato, lamba, kutulutsa makiyi ndi foni m'thumba, kupuma mpweya wonse kunja, koma sikelo inkangonena zake. Bipi nayo inayamba kukwera ulendo ndi ulendo. Anesi a Fatima analeza mtima kawiri katatu, kenako anaitanitsa Lois kuchokera pabenchi.

Anamufunsa ngati wayambiranso kuthira mchere. Lois anakana. Anamufunsa za soda, za timakyubu, za chidulo, za soseji, za tchipisi cha pamsewu, ndipo zonsezo anakana.

"Mayi, ine sindikukudani," anatero a Fatima, "koma madzi awa sakugwa kumwamba. Munthuyu amadya za m'manja mwanu. Chisoni chomuthirira kamchere pang'ono ndi chimene chimapha odwala athu."

Lois anatembenukira kwa mwamuna wake. Thomson anali atatanganidwa kwambiri ndi kuyang'ana magazi ake akuyenda m'mapaipi. Tsiku limenelo Lois atafika kunyumba anagwetsa zonse za pashelefu, kununkhiza, kulawa, kufunafuna pamene akulakwitsa. Anasiya kugula buledi. Anachepetsa madzi a m'botolo. Akakhala yekha ankalira, poganiza kuti mwa umbuli wake akupha bambo a mwana wake Diana, amene anali atakwatiwa kutali ndipo ankangomva za matendawo pafoni.

Makina nawo sanamukhululukire Thomson. Kukoka madzi ochuluka chotero m'maola ochepa kuli ngati kufinya chovala chokhuthala: miyendo inkakokana, chizungulire chinkamugwira, nthawi zina ankasanza. Pabedi loyandikana nalo pankagona a Mahamudu, bambo wamalonda wa ku Mdeka amene anakhalitsa pamakinapo. Tsiku lina Lois atatuluka, a Mahamudu anapendeketsa mutu.

"Akulu, ine njira imeneyi ndinaidutsa. Pali mphika wina umene mukudya, mayiwa sakuudziwa. Auzeni lero, musanawauzitse ndi anthu ena."

Thomson anaseka, n'kuti a Mahamudu amakonda nthabwala. Koma kutupa kunabwerera. Nsapato zinamukananso, anayamba kuyendera masilipasi, ndipo pogona ankachita kutsamira khoma chifukwa akagona chagada ankabanika. A Tione ataona zimenezi sanakayike mankhwala awo, anakayika Lois. Anati mkaziyo ndiye kuti sanasiye njira zake, ndipo anawonjezera ufa uja. Mchere unaitana ludzu, ludzu linaitana madzi, madzi anatupitsa miyendo, miyendo yotupa inaitana mchere wina. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankaona chingwe chonsecho kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndipo anasankha kukhala chete.

Lamulungu lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, a Tione anatulukira ku Chileka ndi ankhoswe awiri a banjalo, wakuchimuna ndi wakuchikazi. Lois, posadziwa kanthu, anapha nkhuku. Mphika uli pambaula pakhonde, a Tione anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chawo, n'kutulutsa kapepala ka mchere. Anakaika pamkeka, pakati pa anthu onse. Anansi anali atayamba kale kupeza zochita pafupi ndi mpanda.

"Alamu, nkhani ndi yaifupi," anatero a Tione. "Ngati thupi lanu lili loyera, tapani mcherewu muthire mumphikamo ndi dzanja lanu, amuna anu adye tonse tikuona."

Lois anayang'ana kapepalako nthawi yaitali. Pamenepo m'pamene anamvetsa maso aja a tsiku la adyo, ndi moni wozizira wa miyezi yonseyi. Manyazi anamuotcha nkhope. Mkazi amene anagona pansi pasimenti m'chipatala, amene anasiya mchere m'kamwa mwake chifukwa cha mwamuna, lero akumuyesa wachiwerewere pakhonde pake pomwe. Ndipo njira yodziyeretsera inali pomwepo, yosavuta, yongotapa ndi zala zitatu.

"Bambo a Diana," anatero mofatsa, "auzeni achemwali anu zimene anesi anatiuza. Munalipo."

Thomson anatuluka thukuta lina losiyana ndi la dzuwa. Akanena kuti mchere ndi umene ungamuphe, a Tione afunsa pamaso pa onse kuti nanga wakhala akudyeranji wa ku Lirangwe. Akavomera za tsempho, ndiye wamupaka matope mkazi wosalakwa. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, kufunafuna kanjira kapakati monga mwa chizolowezi chake, ndipo anakapeza.

"Ingothirani pang'ono, mayi a Diana, nkhani ithe. Kamodzi kokha sikupha munthu."

Lois sanayang'ane nkhope yake. Anayang'ana mapazi ake, otupa mpaka zingwe za masilipasi zitalowa m'mnofu. Anamvetsera kapumidwe kake, kofupika ngati ka munthu amene wakwera chitunda, chonsecho wangokhala pampando. Kenako anakankha kapepala kaja ndi kuseri kwa dzanja, kubwezera kwa eni ake.

"Iyayi. Munditchule dzina lililonse limene mukufuna, koma dzanja langali silithira."

"Mwadzionera nokhatu," anatero a Tione kwa ankhoswe aja.

Ankhoswe anazyolika. Nkhuku ija palibe anaidya. Dzuwa lisanapendeke nkhani inali itafika kale pamjigo, itamera miyendo ndi mapiko, ena mpaka kutchula dzina la mwamuna amene sanakhaleko n'komwe. A Tione analamula kuti mchimwene wawo alongedze, akakhale kwawo mpaka mkazi adzaulule. Thomson analongedza. Pakhomo ananong'oneza Lois kuti angopita kaye mitima izizire, akumana Lachiwiri kuchipatala. Lois anangomuikira mapiritsi m'thumba la malaya ndi botolo lake la madzi m'chikwama.

Kuyambira pamenepo ntchito yaikulu ya Thomson inakhala yoonetsetsa kuti akazi awiriwa asakumane pamaso pa anesi. A Tione atafuna kumuperekeza kuchipatala, anawauza kuti kumeneko salola abale, komanso kuti madokotala akukondwa ndi mmene akupezera. Lois, amene ankabwerabe pabenchi ya kuchipatala ija ndi chakudya ngakhale dzina lake linali m'matope, Thomson anamuuza kuti achemwali anamvetsa, ndipo akumuphikira payekha popanda mchere. A Tione atanena kuti mapiritsi achizungu amalimbana ndi mizu, iye anagawa pakati monga ankagawira chilichonse: lero kumwa, mawa kusiya.

Lachisanu la sabata yachiwiri makina analephera kumaliza ntchito. Ali mkati mokoka, miyendo inakokana mpaka Thomson anakuwa, maso anachita mdima, ndipo anesi anakakamizika kuimitsa nthawi isanakwane. A Fatima anaima pambali pa bedi, nkhope yosaseka.

"Bambo Makwinja, mukutuluka muno ndi madzi amene sitinathe kuchotsa. Kuchokera lero kufika Lachiwiri ndi patali. Mchere ayi, madzi a m'botolo lokhalo, mapiritsi osadumphitsa. Mukamva mutu kapena kubanika, musadikire, bwerani."

Thomson anati wamva.

Aliyense wodziwa Lirangwe amadziwa kutentha kwake mvula isanagwe. Loweruka a Tione anakazinga bakayawo kuti wodwala apeze mphamvu. Lamulungu anaphika nyama yambuzi, n'kuwazamo ufa uja mosaumira. Ludzu limene linatsatira silinali lomung'unyira ndimu. Botolo la Lois linatha m'mawa, la mizu linatha masana, ndipo kenako Thomson ankangopita kumtsuko, kuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba, n'kumwa chikho chodzaza. Lolemba anadzuka mutu ukugunda kunkhongo. Anakumbukira mawu a anesi, koma kuti apite kuchipatala tsiku losakhala lake pakanafunika kufotokozera a Tione chifukwa chake. Anaganiza zopirira mpaka mawa.

Cha kumasana wakabaza wina anaima pabenchi kufuna masipoko. Thomson anatambasula dzanja lamanja kuti atenge mtolo, koma dzanjalo silinamumvere. Masipoko anamwazika pansi. Anafuna kupepesa, ndipo m'kamwa munatuluka phokoso lopanda mawu. Wakabazayo anaona pakamwa pa bamboyo pakukhotera kumbali, ndipo asanamugwire, Thomson anagwera pamulu wa matayala.

Anamunyamulira m'galimoto ya matola. A Tione anakhala kumbuyo atapakata mutu wake, akumuitana ndi dzina limene ankamuitanira ali mwana, kwinaku akutukwana Lois kuti wamaliza ntchito yake. Pa Lunzu msewu unali wodzaza ndi maminibasi, ndipo dalaivala ankaimba hutala dzanja osachotsa. Thomson ankapuma mokoka, pachifuwa pakumveka kubwata ngati madzi a m'ketulo, thovu likutuluka pakona ya mlomo. Wina wa pamsika anali ataimbira kale Lois, moti pamene galimoto inkafika, iye n'kuti ataima pakhomo la chipatala, mpango uli m'manja.

Madokotala analimbana naye mpaka madzulo. Anatsitsa bipi, anamuika pamakina mwadzidzidzi, anakoka madzi a m'mapapo, ndipo moyo unatsala. Koma m'mawa mwake dokotala anauza abale kuti mtsempha unaphulika m'mutu. Mbali yonse yakumanja inali itafa. Kumva ankamva zonse, koma kulankhula mwina kudzabwerera, mwina ayi.

Anesi a Fatima anabwera kuwodi kudzamuona, ndipo kwa nthawi yoyamba anapeza akazi awiri aja pamodzi, wina mbali iyi ya bedi, wina mbali inayo, osayang'anana. Anafunsa amene wakhala akumudyetsa masiku amenewa. A Tione anayankha molimba mtima, ngati munthu amene wapeza bwalo loti adziyeretsere. Anatchula bakayawo, therere, nyama yambuzi, zakudya zenizeni zopatsa mphamvu, osati zozizira zimene ankamupatsa ena. Anatulutsanso m'chikwama kachitini ka mankhwala aja kuti anesi aone kuti iwo sanagone. A Fatima anaviika chala mu ufawo n'kulawa, ndipo anatseka maso.

"Zimenezi anayamba liti?"

"Nthawi yokolola," anatero a Tione. "Masana alionse akabwera kubenchi."

Lois anakhala pansi, pasimenti penipeni. Anakumbukira kontena yopanda kanthu ija, ndi mmene ankasangalalira poitsuka. A Fatima anawerama n'kumugwira phewa, ndipo anamupepesa pamaso pa onse chifukwa chomukalipira pa mlandu umene sanapalamule. Kenako anawafotokozera a Tione mawu omwe aja a tsiku loyamba, a mchere ndi madzi ndi impso zotseka, pang'onopang'ono, mosakalipa. Anawauza kuti kutupa kuja kunali madzi osowa potulukira, ndipo mkazi amene anakana kuthira mchere ndi amene ankamusunga munthuyu ndi moyo.

"Koma achimwene sanandiuzepo," anatero a Tione, mawu atachepa ngati a mwana. "Amati madokotala akukondwa. Akanangoti, achemwali, ichi chindipha, ine ndikanathira? Ine?"

Onse atatu anatembenukira kubedi. Maso a Thomson anali otsegula, ndipo anali atamva zonse. Milomo yake inalimbana, khosi linatupa mitsempha, ndipo patapita nthawi panatuluka liwu limodzi, lomveka bwino lomwe: "Kaya."

Madokotala amati zimachitika. Munthu wogwidwa ndi matenda amenewa nthawi zina amatsala ndi liwu limodzi lokha, limene lilime linazolowera, ndipo limatuluka lomwelo ngakhale mtima ukufuna kunena zina. Thomson anatsala ndi limenelo.

Atatuluka m'chipatala anabwerera ku Chileka, pakuti Lois ndiye anamutenga, popanda womupempha. A Tione anabwera okha, anagwada pakhonde lomwe lija n'kulira mpaka mawu anatha, ndipo chiyambire tsiku limenelo sanaonekenso pamsika akugula bakayawo. Anaitanitsanso ankhoswe kuti dzina la mlamu wawo liyeretsedwe. Koma anthu a kuseri kwa mpanda sankafuna mawu a mlongo, ankafuna a mwini mkazi. Nkhoswe yakuchimuna inawerama pafupi ndi njinga ya olumala imene wodwalayo anakhalapo n'kufunsa mokweza kuti onse amve, ngati mayi a Diana anamulakwirapo chilichonse. Thomson anapukusa mutu ndi mphamvu zake zonse, misozi ikutsika, dzanja lamanzere likumenya chitsulo cha njingayo. Anatsegula pakamwa kuti anene "iyayi" woyamba wa moyo wake.

"Kaya," anatero. "Kaya, kaya."

Amene anali pafupi anaona mutu ukukana ndipo anamvetsa. Amene anali kuseri kwa mpanda anangomva liwulo, ndipo ndi limene anapita nalo kumjigo. Mpaka lero alipo amayi ena pa Chileka amene Lois akamadutsa amatsitsa mawu.

Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse Lois amamukankha panjinga mpaka pamsewu, akabaza n'kumuthandiza kumukweza m'galimoto. Kuchipatala amamuyeza atakhala pampando, ndipo sikelo tsopano ilibe naye mlandu. Bipi inatsika, mapazi anaphwa, mapiritsi sadumphanso tsiku. Malamulo onse a anesi a Fatima akutsatidwa bwino lomwe, pamene sangathenso kubweza dzanja kapena lilime. Masana Lois amamudyetsa ndi supuni ndiwo zake za ndimu ndi adyo. Sakalipa, sakumbutsa. Kamodzi kokha, akumupukuta pakamwa, ananena chapansipansi.

"Pakamwa munali napo, bambo a Diana. Tsiku lija ine ndimangofuna mawu amodzi basi."

Thomson anagwira dzanja la mkazi wake ndi dzanja lake lamoyo, dzanja lija linakana kuthira mchere, n'kuligwiritsa zolimba. Nthawi imeneyi sanayese n'komwe kutsegula pakamwa.

Sanali munthu woipa mtima, ndipo n'chimene chimapweteka pa nkhani yake. Anangofuna kuti asanyowe ku Chileka, asanyowenso ku Lirangwe, akondweretse anesi, akondweretse mlongo, osakhumudwitsa ngakhale lilime lake. Anathera mphamvu zake kuthamanga pakati pa pobisalira pawiri, ndipo mvula inamupeza pamtetete, n'kunyowetsanso amene ankamukonda. Akuluakulu anaziona kale zoterezi pamene anati mapanga awiri avumbwitsa.